Kutsidya kwa Galasi

Kwathu, kum'mwera kwa Katete, munthu akati akupita kutsidya ndiye kuti akupita kumadimba. Pakati pa mudzi ndi madimbawo pali kamtsinje kamene m'chilimwe mwana amakadumpha osanyowa ngakhale chidendene. Malire a Mozambiki analiko ndithu, ulendo wa maola angapo wapansi, koma kumeneko sitinkakutchula kutsidya. Tinkati kwa Apwitikizi, ngakhale kuti Apwitikiziwo anali atapita kwawo kalekale.

Amayi anamwalira ndisanayambe kuyenda, ndipo abambo sindinawaone. Anandilera ndi ambuya, amayi awo a amayi anga. Pakhomo tinalipo atatu: ambuya, ine, ndi amalume, mzime wa ambuya, amene anabwerera kwathu ukwati wawo utatha kuchikamwini. Khasu lalikulu la pakhomo linali lawo. Ambuya msana unali utapindika kale, ndipo ine ndinali mtsikana wa giredi seveni. Ambuya sankalankhulalankhula. Ndikakweza mawu ankanditsina pantchafu, basi, phunziro latha. Choncho ndinakula wachete, ndipo anthu ankati, "Kamwana kamasiye aka kamangoyang'ana ngati kadzidzi." Zinali zoona. Ndinkayang'ana.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za ku Mozambiki zinayamba kulowa m'midzi ya m'malire. Zinkatentha nkhokwe, kutenga ng'ombe, zovala, mchere, ndi anthu oti azisenzere katundu. Pamsika wathu waung'ono panali kapolisi ka zipinda zitatu. Kale ukalowamo unkapeza thebulo lalitali lamatabwa, wapolisi atatsamira pamenepo, ndipo ukakhala pansi iye ankasuzumira n'kukufunsa chimene wadzera. Koma mbiri ya mfuti itachuluka, apolisi nawo anachita mantha. Pamenepa sindiwanena. Anali ndi ana ngati wina aliyense.

Tsiku lina kupolisiko kunabwera galasi lalikulu pa lole, litakulungidwa m'mabulangete, litatsamira pa matayala akale. Ankati lachokera ku banki ina imene inatsekedwa m'tauni, ndipo chipolopolo sichingaliboole. Ndinaliona akulitsitsa ndikuchokera kusukulu. Linali lobiriwira m'mbali, lochindikala ngati zala zanga zitatu, ndipo amuna amene analinyamula ankabuula ngati anyamula mtembo wa munthu wonenepa. Amisiri anamanga khoma la njerwa lofika pachifuwa cha mwamuna, n'kukhazika galasilo pamwamba mpaka kudenga. Pakati pake panali kachitsulo kozungulira ka timabowo tolankhulirapo, ndipo pansi pake kampata kopyapyala kolowetsera mapepala. Kenaka kunamveka kuti akuluakulu abwera kudzaona ntchitoyo, ndiye wina anapaka penti yabuluu paliponse pamene panali chitsulo. Timabowo tija tonse tinatsekeka ndi penti. Palibe amene anaganiza zotitsegula.

Moyang'anana ndi polisi, pakhonde la sitolo, pankakhala atelala, Msilamu wobadwira ku Malawi, amene ankasoka mayunifolomu athu. Tsiku limenelo anaima ndi sizasi m'manja nati, "Eya, tsopano apolisi athu tawasunga bwino. Akuba sangatibere." Anthu anaseka. Inenso ndinaseka chamumtima.

Amalume anawagwira Lachiwiri lina mu Okutobala, mvula ili pafupi. Ankachokera kumadimba. Anali ndi bulangete, chifukwa masiku ena ankagona mumsasa kulondera kuti nkhumba zisadye mpiru, ndiponso kachitini ka mchere, chifukwa akakumba mbewa ankaotchera komweko. Reji yawo, chitupa chija cha boma, anaisiya kunyumba. Ndani amatenga reji pokathirira mpiru? Apolisi oyendera malire anakumana nawo panjira, anaona mchere ndi bulangete, basi. Masiku amenewo mchere unali mlandu, chifukwa ndiwo zigawenga zinkaufuna kwambiri.

M'mawa mwake tinanyamuka. Ambuya anavala chitenje chawo chakutchalitchi, anamanga reji ya amalume pansonga yake itakulungidwa m'pepala la shuga, ndipo ine ndinasenza kambale ka mbatata zophika. Ankati nkhani yake ndi yaifupi: tikapereka reji, tikanena kumene anali, tibwerera atatu.

Pakhomo la polisi anavula mapatapata. "Odi," anatero. Sipanamveke yankho. Tinalowa, iwo n'kugwada pansi pa khoma lija, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono monga amachitira munthu wolemekeza. Inenso ndinagwada kumbuyo kwawo. Kuseri kwa galasi kunali wapolisi wachinyamata, wochokera kutali, akutafuna nsawawa ndi kuwerenga nyuzipepala. Ndinkamuona chipewa ndi chipumi chokha. Iye sankationa n'komwe, chifukwa khoma linatibisa, ndipo kuomba m'manja kwa ambuya kunkathera m'chipinda chathu chomwecho.

Tinagwada mpaka maondo anga anachita dzanzi. Ndinanong'oneza kuti, "Ambuya, sakutiona."

"Khala chete. Ali pantchito, atimva."

Anatipulumutsa ndi bambo wina amene anabwera kudzadandaula za njinga yake. Iye anangofika n'kumenya galasi ndi chikhatho. Wapolisi anadzidzimuka, anaimirira, ndipo ndi pamene anationa pansi.

Pakamwa pake pankayenda, koma mawu ankafika ngati a munthu amene ali m'chitsime. "Imililani, amai! Kambani na mphamvu, sinimvela!"

Ambuya anagwira khoma n'kudzikoka. Ataimirira, pakamwa pawo panafika m'munsi mwa kachitsulo kaja. Analowetsa reji pakampata ndi manja awiri, ngakhale kuti kampatako sikankalola manja awiri. Wapolisi anaiyang'ana, anaibweza, anatenga pepala ndi cholembera.

"Mwana wanu enze kuti dzulo?"

Apa ndiyenera kufotokoza mmene ambuya ankalankhulira ndi munthu waudindo. Ankayamba atadzutsa mutu pang'ono, kenaka mutu unkatsika, maso pansi, mawu nawo n'kumatsika. Ndi ulemu umene anaphunzitsidwa kuchinamwali, ndipo unawathandiza moyo wawo wonse kufikira tsiku limenelo. Anati, "Anali kutsidya, bwana, kumadimba kwathu, kuja amathirira mpiru." Mawu awiri oyamba okha ndiwo anafika pakachitsulo. Ena onse anagwera pasimenti, pamapazi anga.

Ndinaona milomo ya wapolisi ikubwereza. "Kutsidya?"

"Inde, bwana."

"Amayendako kambili?"

"Tsiku ndi tsiku."

"Agona kwamene?"

"Masiku ena amagona."

"Na salt? Anamupasa ndani?"

"Ndine ndimamupatsa, bwana," anatero ambuya, monyadira ndithu, kuti asaganize kuti mwana wawo waba.

Ine ndinali nditaimirira, ndipo pepala ndinkaliona kudzera m'galasi, ngakhale chadodolido. Ankalemba m'Chingerezi. Ndinawerenga liwu limodzi limene ndinkalidziwa bwino: boda. Analilemba kawiri, liwu lotanthauza malire. Ndinadziwa chimene chikuchitika, ndipo ndinali ndekha m'chipindamo amene ndinkamva mbali zonse ziwiri. Sindinanene kanthu. Munthu wamkulu akulankhula ndi boma, mwana salowererapo, ndipo pantchafu panga pankakumbukira zala za ambuya.

Wapolisi anakankhira kabokosi ka inki pakampata. Ambuya anadinda chala, analowetsa dzanja, iye anagwira chala chachikulucho n'kuchikanikiza papepala. Pa thupi lonse la ambuya, chala chimenecho chokha ndicho chinafika kumene kunali boma. Mbatata sizinakwane pakampata. Anatilozera kuti tizisiye pansi pakona, ndipo sindikudziwa amene anazidya.

Kunja ambuya anavala mapatapata nkhope ili yowala. "Waona? Walemba zonse. Ndi mwana wabwino, wangokhala wogontha pang'ono."

Atelala anatiitana kuti timwe madzi. Anafunsa mmene tayendera, ambuya anafotokoza, ndipo ine ndinangoti chapansipansi, "Walemba kuti boda."

Makina anaima. "Wati chiyani, mwanawe?"

"Walemba kuti amalume amapita kuboda tsiku ndi tsiku."

Atelala anavula magalasi awo. "Amayi, mwamuuza kuti chiyani kwenikweni?"

"Kuti anali kutsidya."

"Kalanga ine! Amayi, kwa anthu awa kutsidya ndi ku Mozambiki. Mwawauza kuti mwana wanu amapititsa mchere kwa zigawenga, amagona komweko, ndipo mcherewo mumamupatsa ndinu."

Ambuya anafunsa kuti, "Kamtsinje kathu kaja kasanduka liti Mozambiki?"

"Kasanduka lero, pa pepala. Bwererani msanga. Landirova ya ku Chipata imabwera Lachisanu, ndipo ikamutenga, kumeneko kulibe atelala okuuzani khomo."

Tinabwerera. Ulendo uno ambuya sanagwade, koma wapolisi atangowaona anapukusa dzanja. "Sitetimenti yasila, amai! Mubwele Mande!" Ambuya ankati, "Pepani, bwana, ndinalakwitsa kunena," iye n'kumaloza khutu lake, kenaka anakhala pansi n'kutsegula nyuzipepala. Munthu akakhala kuseri kwa galasi lotere, safunika kukuthamangitsa. Amangoyang'ana kumbali, iwe n'kukhala ngati palibe.

Lachinayi tinapitanso. Atelala anatiuza kuti tizungulire kuseri, kumene kunali nyumba za apolisi, mwina tingapeze asajeni, mkulu wa pamenepo. Chimene ndinaona kuseriko ndicho chimandiwawa mpaka lero. Zenera la ofesi yomwe ija linali la magalasi wamba, atatu osweka, potsekedwa ndi katoni ya sopo. Chitseko chinali chamatabwa, chomangidwa ndi waya, ndipo nkhuku zinkalowa ndi kutuluka. Kuseri kumeneko ndiko kunayang'ana kutchire, kumene kumachokera njira ya kumalire. Chigawenga chikanabwera, chikanangokankha katoni ndi chala. Galasi losabooledwa ndi chipolopolo analiika mbali ya kumsika, mbali imene kunkachokera ife, amayi oberedwa mbuzi, abambo a njinga, ndi nkhalamba zovula mapatapata pakhomo.

Mkazi wa wapolisi wina, amene ankatsuka mbale, anatiuza mwaulemu kuti kumeneko n'koletsedwa, koma anawonjeza kuti asajeni apita kumaliro ndipo abwera mawa m'mawa. Ambuya anafunsa ngati angaone mwana wawo. Mayiyo analoza ndi mlomo kazenera kakang'ono kam'mwamba, nati, "Musandionetse ine."

Lachisanu tinafika dzuwa litangotuluka. Landirova inali itaima kale, dalaivala akumwa tiyi pa boneti. M'kati, kuseri kwa galasi, munali asajeni, bambo wa imvi, akusaina mapepala, ndipo wachinyamata uja ataima pambali pawo. Ambuya anavula mapatapata, analowa, ndipo, Mulungu awakhululukire, anagwadanso. Thupi lawo silinkadziwa njira ina yofikira munthu wamkulu. Anayamba kuomba m'manja.

Ndinawayang'ana pamutu, pa duku lawo lakutchalitchi. Ndinatuluka, ndinatola njerwa ziwiri zotsala kwa amisiri aja, ndinazisanjikiza pansi pa galasi n'kukwerapo. Ndinamasula pini imene inkagwira lamba wa yunifolomu yanga, n'kuyamba kubowola penti m'timabowo tija. Kamodzi, kawiri, katatu. Penti inkatuluka ngati timbewu tabuluu. Ambuya anandigwira mwendo n'kunditsina, kutsina kwenikweni, koma sindinatsike. Nditatsegula timabowo tisanu ndinaika pakamwa pomwepo.

"Kutsidya kwa mtsinje! Kumadimba! Amalume amathirira mpiru kutsidya kwa mtsinje wa kwathu! Mchere ndi wa mbewa! Simunamve, munalemba bodza!"

Sindinkadziwa kuti m'chifuwa mwanga muli mawu otere. Dalaivala anabwera kudzasuzumira pakhomo. Kutsidya kwa msewu makina a atelala anaima.

Asajeni anaika cholembera pansi. Anatuluka m'chipinda chawo, anazungulira nyumba yonse, chifukwa amisiri sanasiye khomo pakati pa mbali yawo ndi yathu, n'kulowera pakhomo limene tinalowera ife. Anali munthu wa kum'mawa konkuno. Ananjuta pafupi ndi ambuya.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Anali munthu woyamba m'nyumba imeneyo kuwapatsa moni. Ambuya anayankha, ndipo anafotokoza zonse ndi mawu awo apansi omwe aja, maso pansi, ndipo asajeni anamva liwu lililonse. Sipanathe ngakhale nthawi yophika tiyi.

Wachinyamata uja nayenso anali atazungulira. "Bwana, aka kamwana kaononga katundu wa boma."

"Tseka pakamwa," anatero asajeni. "Iwe sudziwa kuti kuno mudzi uliwonse uli ndi kutsidya kwake? Ngakhale chimbudzi chikakhala kuseri kwa ngalande, amati kutsidya. Ukanafunsa kuti kutsidya kwa chiyani, lilime likanathothoka?"

"Sininamvele, bwana. Galasi."

Ndinaganiza kuti zatha, amalume atuluka. Koma asajeni anapukuta nkhope ndi chikhatho, nati uthenga unapita kale pa wailesi Lachitatu lomwelo. Ku Chipata akudikira anthu atatu, mayina ali nawo, ndipo pa dzina la amalume palembedwa kuti mayi wake wavomera. "Ndikatumiza awiri, amayi, mawa Landirova ibwera kudzatenga ine. Ndilemba kalata, ndiiphatika pamwamba pa pepala lija. Akaiwerenga amubweza."

"Aiwerenga liti?" ndinafunsa ine.

Anandiyang'ana, ndipo sanandinamize. "Sindikudziwa, mwanawe."

Amalume anawatulutsira kuseri, atamangidwa unyolo limodzi ndi amuna ena awiri. Mlomo unali wotupa. Kumbuyo kwa Landirova kunali waya wa sefa, ndipo pamenepo mawu ankadutsa bwinobwino. Ambuya anagwira wayayo ndi manja onse.

"Ndine ndakupereka, mwana wanga. Pakamwa pangapa."

"Aa, amayi, siyani zimenezo. Muzithirira mpiru, ungaume." Kenaka anandiyang'ana ine n'kuyesa kuseka ndi mlomo wotupawo. "Iwe kadzidzi, unali ndi mawu chonchi? Ndakumva ndili m'selo. Ndimayesa kwabwera sing'anga."

Galimoto inanyamuka. Fumbi litatha, atelala anabwera ndi pini yanga, imene ndinaigwetsa pakhomo, n'kundipatsa.

Mvula inagwa patapita masabata awiri. Tinalima awiri, nkhalamba ndi mwana wasukulu, ndipo tinakwanitsa theka la munda. Mpiru unadyedwa ndi nkhumba, popeza panalibe wogona mumsasa. Ambuya masiku oyambirira ankakhula chala chawo chachikulu ndi mchenga, inki itachoka kale, mpaka khungu linasupuka. Ndinkawauza kuti sanalakwe iwo. Ankangoti, "Chala ndi changa."

Mpaka lero mkwiyo wanga uli pomwepo. Ambuya ananena zoona zokhazokha, m'chilankhulo chawo, m'dziko lawo, ndi ulemu wonse umene anali nawo. Amene anagula galasi anaganiza za chipolopolo. Amene analimanga anayeza pachifuwa cha mwamuna woimirira. Amene anapaka penti anaganiza za alendo. Pa anthu onsewo panalibe mmodzi amene anagwada pansi pa khomalo n'kunena odi kuti aone ngati amveka. Ndipo ine ndemwe, amene ndinawerenga liwu lija Lachitatu, ndinadikira mpaka Lachisanu. Ndikanafuula tsiku loyamba, wailesi isanalankhule, amalume akanagona kunyumba. Ambuya anadziimba mlandu wa kulankhula, ine wa kukhala chete, ndipo amene anatseka timabowo sanadziwe n'komwe kuti kuli mlandu.

Patapita zaka, nkhondo itatha, ndinalowanso m'kapolisi kaja kukadinditsa pepala la ntchito. Galasi linali pomwepo, lopanda chipsera chilichonse cha chipolopolo. Chimene chinalipo ndi banga lakuda lamafuta kuzungulira kachitsulo, pamene anthu akhala akukanikiza makutu ndi zipumi. Timabowo totseguka tinali tisanu.

Amalume anabwera dzinja lomwe lija tinalima awiri, chimanga chitamasula. Sanawatengere kukhoti. Tsiku lina wina anangowerenga kalata ya asajeni, n'kuwauza kuti azipita. Anafika wapansi kuchokera kumsewu waukulu, ataonda, akutsokomola, ndipo za kumeneko sanatiuzepo kanthu. Anagona masiku anayi. Tsiku lachisanu anadzuka m'mamawa, anatenga khasu, naima pakhomo monga ankachitira kale.

"Amayi, ndapita kutsi..."

"Nena kuti kumadimba," anatero ambuya ali m'nyumba, mokweza, mawu amene sindinawamvepo kwa iwo. Anatuluka ndi kapepala ka shuga kaja, m'kati muli reji, n'kuwaikira m'thumba la malaya ndi manja awo. "Ndipo mchere usiye. Mbewa uzidzadyera kuno."